ZA MAGALIMOTO: Dzino limodzi la lamba litha kudya phindu la chaka

Nyengo yogula chimanga ndi nandolo ikafika, galimoto zokoka ndi matayala onse anayi sizipuma. Zimachoka ku Majaua ndi ku Mongue zitasenza matumba mpaka pa Milange, pomwe katundu wambiri amaolokera ku Muloza. Zambiri mwa galimotozi sizilinso m'mene zinatulukira ku fakitale. Ina thupi ndi la Land Rover koma injini ndi ya Toyota, ina anaiika tabo, ina mutu wa injini anakaupalitsa ku Limbe itatenthapo. Kusintha kotereku sikulakwa ayi. Chovuta nchakuti galimoto ikasinthidwa, taimingi imafuna maso awiri, ndipo apa mpomwe eni ake ambiri amaluzira ndalama.

M'kati mwa injini muli mitanda iwiri yoyenera kumvana. Wapansi, kirankishafuti, umakweza ndi kutsitsa mapisitoni. Winawo, kamushafuti, umatsekula ndi kutseka mavalavu. Wapansi ukazungulira kawiri, winawo uzungulire kamodzi, osaposa, osachepera. Pa injini zambiri za dizilo za kuno chomwe chimasunga mgwirizanowu ndi lamba wa mano. Tsono pisitoni ya dizilo ikafika pamwamba, mpata wotsala ndi wochepa kuposa kuchindikala kwa ndalama yachitsulo. Lamba akalumpha, valavu imapezeka yotsekuka pisitoni ikukwera, ndipo ziwirizi zimaombana.

Pali amakaniko ena omwe amati taimingi amaimva ndi khutu, ndipo amauza mwini galimoto ya tabo kuti akasuntha kamushafuti dzino limodzi galimotoyo idzakwera zitunda za m'mphepete mwa phiri la Tumbine ngati mbuzi. Uku nkutchova njuga ndi injini ya mwini. Mphamvu ya dizilo imakonzedwa pa pampu ya mafuta ndi manozo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya katswiri wa mapampu. Kamushafuti ili ndi malo amodzi okha, pomwe anthu opanga injiniyo anadindapo chizindikiro.

Zizindikirozo sizifanana. Injini za Hilux zotchedwa 2L, 3L ndi 5L zili ndi lamba mmodzi woyendetsa kamushafuti ndi pampu yomwe, motero zizindikiro zitatu ziyenera kulunjika nthawi imodzi pisitoni yoyamba ili pamwamba. Koma 1HZ ya Land Cruiser, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, yomwe Toyota anayamba kupanga mu 1990, njosiyana. Pampu yake imayenda ndi magiya, lamba ndi wamfupi, ndipo pomusintha mapule amaikidwa pa chizindikiro cholembedwa BDC, kutanthauza kuti pisitoni yoyamba ili pansi. Makaniko wozolowera Hilux akachita za chizolowezi pamenepa, akhoza kupinda mavalavu injini isanalire nkomwe. A Land Rover ya 200Tdi ndi 300Tdi ali ndi kamwayi pang'ono: lamba akaduka, kawirikawiri chimapindika ndi timitengo tachitsulo tokankha mavalavu, tomwe sitidula ngati mutu wonse. Komabe galimotoyo imagona kutchire ndi matumba ake.

Mutu wopalidwa uli ndi msampha wakewake. Pa injini yomwe kamushafuti imakhala pamwamba, ngati Toyota zatchulidwazi, mutu ukapalidwa umatsika pang'ono, ndipo kamushafuti imatsalira m'mbuyo pang'ononso. Makaniko amaona chizindikiro chitaphonya ndi kachidutswa ka dzino, iye nkusuntha dzino lathunthu poganiza kuti akukonza. Apo waonjeza vuto. Choyenera kufunsa nchakuti mutuwo anaupala motani, ndipo gasiketi yomwe yaikidwa njochindikala bwanji. Toyota amapanga magasiketi osiyana kuchindikala, odziwika ndi timabala ta m'mphepete, ndipo amasankhidwa poyeza m'mene pisitoni imatulukira pamwamba pa buloko. Kugula gasiketi iliyonse yomwe yapezeka pa shelufu ku Mocuba chifukwa njotchipa, ndiye kugula mavuto.

Nanga lamba asinthidwe liti? Pa Toyota zakalezi muyeso wake ndi makilomita 100,000, ndipo pa dashibodi pali kanyali kolembedwa T-BELT komwe kamayaka nthawiyo ikakwana. Koma kanyaliko sikaona lamba, kamangowerenga makilomita a pa wotchi ya galimoto. Injini ikakhala yogula kwina, wotchiyo sidziwa kuti lamba wayenda ulendo wautali bwanji m'galimoto yake yoyamba. Matayala akakhala aakulu kuposa oyamba, wotchi imawerenga mochepa. Ndiponso galimoto yomwe yatha tsiku lonse ikubuula m'matope pa giya yaing'ono imalemba makilomita ochepa pomwe injini yazungulira ngati yapita ku Quelimane. Kaamba ka ichi, injini yogula kwina iikidwe lamba watsopano isanalowe m'galimoto, pamodzi ndi kagudumu komukungitsa. Masilo a oyilo aonedwenso, popeza oyilo amadya lamba, ndipo chivindikiro chisasiyidwe pansi pa mtengo wa mango: matope ndi timiyala ta pa madooko timalowera pomwepo.

Ntchito ikatha, mwini galimoto asalole kuti kiyi ipotokoledwe msanga. Makaniko ayambe wazungulitsa injini ndi sipanala, ndi manja, maulendo awiri athunthu kumbali yomwe imazungulirira, kenaka aonetse mwiniyo kuti zizindikiro zonse zabwerera m'malo mwake. Sipanala ikalimba mwadzidzidzi ngati yagunda chitsulo, asakakamize, achotse lamba nkuyambiranso. Injini ikavuta kulira m'mawa, ikamatulutsa utsi woyera kapena kugogoda zachilendo, aizimitse pomwepo. Zonse zikakhala bwino, tsiku ndi makilomita zilembedwe ndi penti pa chivindikiro cha lamba, kuti makaniko wina wodzaitsekula, kaya ndi pa Milange kaya ku Mulanje, adzaziwerenge.