Asanalipire, ayambe wafunsa ku laibulale

Chaka ndi chaka timanyadira ana athu akasankhidwa kupita ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST kapena Mzuni. Komabe pali luso limodzi lomwe timawatsanzika tisanawaphunzitse: kupeza nkhani yonse ya kafukufuku yomwe mphunzitsi wawauza kuti awerenge.

Zimachitika motere. Mwana afufuza pa Google Scholar, apeza mutu womwe akufuna, koma tsambalo limuonetsa chidule chokha. Nkhani yonse akuti alipire, kawirikawiri madola 30 kapena kuposa, pa nkhani imodzi. Apa ena amaimba foni kunyumba kupempha ndalama, ena amangolemba ntchito yawo kuchokera pa chidulecho. Ife tikuti njira zonse ziwirizi n'zolakwika. Chidule chimanena zomwe ofufuza anapeza, koma nthawi zambiri sichifotokoza bwino momwe anasankhira anthu ofunsidwa ndi pomwe kafukufukuyo akuperewera. Wolemba ngati anawerenga zonse pomwe anangoona ndime imodzi akunamiza mphunzitsi, ndipo akudzinamizanso yekha.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti khomo limakhala lotsegula kale. Malaibulale a m'dziko muno anakhazikitsa mgwirizano wa MALICO mu 2003 kuti azilipirira limodzi magazini a kafukufuku a pa intaneti. Palinso Research4Life, yomwe imalola masukulu a ukachenjede olembetsa a m'maiko osauka ngati Malawi kuwerenga mwaulere. M'menemo muli Hinari ya zaumoyo, yomwe WHO inayambitsa mu 2002, ndi AGORA ya zaulimi, yomwe FAO inayambitsa mu 2003. Wophunzira akalowa kudzera pa tsamba la laibulale ya sukulu yake, kapena pa makompyuta a m'laibulalemo, nkhani yomwe kunja imagulitsidwa amatha kuitsegula osalipira kanthu.

Zikakanika, njira sizinathe. Alembe dzina la wolemba, chaka, mutu ndi nambala ya DOI, apite nazo kwa woyang'anira laibulale; imeneyo ndiyo ntchito yake. Ayang'anenso pa DOAJ, PubMed Central ndi African Journals Online, pomwe pali nkhani zambiri zaulere, kuphatikizapo za Malawi Medical Journal. Akhozanso kulembera imelo mwini nkhaniyo mwaulemu, pakuti ofufuza ambiri amakondwa kutumiza ntchito yawo kwa wophunzira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ena adzati izi n'za ku yunivesite, akaphunzira komweko. Koma mwana yemwe wangofika kumene amachita manyazi kufunsa, ndipo ntchito yoyamba imamupeza asanazolowere. Zimenezi aziphunzire kuno, komwe aphunzitsi amamudziwa ndi dzina.

Choncho tikupempha aphunzitsi athu kuti apatule masana awiri okha, a Fomu 4 asanachoke, awaonetse kusiyana kwa chidule ndi nkhani yonse. A komiti ya mzikiti, tithandizeni ndi bandulo ya masiku amenewo. Ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi yomwe ana athu angataye. Inu makolo, mwana akaimba kuti akufuna ndalama yogulira nkhani pa intaneti, musafulumire kutumiza. Yambani mwamufunsa kuti, "Kodi ku laibulale wapitako?" Ndipo inu ophunzira, sabata yoyamba mukafika ku yunivesite, kadziwaneni ndi woyang'anira laibulale musanadziwe komwe amagulitsa tchipisi.