Kabokosi ka mu situdiyo: kodi n'kofunikabe?

Nyimbo zambiri zomwe zikuphulika m'maminibasi ndi m'misika masiku ano zimajambulidwa m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za makolo kapena kumbuyo kwa golosale, momwe mnyamata wayedzeka matiresi kukhoma, waika kompyuta pathebulo ndi maikolofoni pakona. Ntchito ikayamba kuyenda, posakhalitsa makolo amamva pempho latsopano: akufuna ndalama yogulira kabokosi kothandiza kompyuta kukonza mawu. Kabokosika kamachokera kunja ndipo mtengo wake ndi wa madola, choncho ndi bwino kudziwa ntchito yake ndalama ya soya kapena ya mbuzi isanatuluke m'nyumba.

Mawu a woimba akalowa mu kompyuta amafunika kuwakonza. Pali timapologalamu tina timene ojambula nyimbo amatitcha ma plugin. Kena kamachepetsa mawu pomwe woimba wakuwa kwambiri, kena kamachotsa phokoso, kena kamachititsa kuti mawu amveke ngati aimbidwa m'tchalitchi chachikulu. Timapologalamuti tidafala kwambiri kampani ya ku Germany ya Steinberg itatulutsa njira yotchedwa VST mu 1996.

Vuto lidali lakuti makompyuta a nthawiyo adali ofooka. Munthu akangotsegula ma plugin angapo nthawi imodzi, nyimbo imayamba kudukiza, mwina kompyuta n'kuima kumene. Mutu umodzi susenza denga, ndipo makampani adaganiza zoipezera kompyuta mnzake wosenza naye katunduyo. Mu 2001 kampani ya ku America ya Universal Audio idatulutsa kadi yotchedwa UAD-1 yolowetsa mkati mwa kompyuta, ndipo chaka chomwecho TC Electronic ya ku Denmark idatulutsa yake ya PowerCore. Makadiwa adali ndi tchipi chawochawo chomwe ntchito yake idali kuyendetsa ma plugin basi, kompyuta n'kumapuma. Kwa munthu wojambulira kunyumba, ichi chidali chipulumutso chenicheni.

Koma zinthu zidasintha. Makompyuta adakula mphamvu chaka ndi chaka, moti laputopu wamba ya lero, ngakhale yogula kwa munthu, imatha kuyendetsa ma plugin ambirimbiri payokha. Apple itatulutsa tchipi chake cha M1 mu 2020, funso lakuti makadi apaderawa ndi a ntchito yanji lidakula. Yankho lidachokera kwa eni ake omwe. Mu 2022 Universal Audio, yomwe kwa zaka zoposa 20 imafuna kuti munthu akhale ndi chipangizo chake kuti agwiritse ntchito ma plugin ake, idayamba kutulutsa ena mwa ma plugin omwewo oti aziyenda pa kompyuta yokha, polipira mwezi ndi mwezi pansi pa dzina la UAD Spark. Wogulitsa akavomera yekha kuti katundu wake akhoza kuyenda popanda kabokosi, wogula ayenera kutchera khutu.

Izi sizikutanthauza kuti zipangizozi zidatheratu ntchito. Pali chinthu chimodzi chomwe zimapambanabe, ndipo woimba aliyense amene adavalapo mahedifoni amachidziwa. Mawu akalowa mu maikolofoni, n'kudutsa mu kompyuta ndi ma plugin ake, n'kubwerera m'makutu mwa woimba, amafika mochedwa pang'ono. Kuchedwako n'kochepa kuposa kuphethira kwa diso, koma kumasokoneza: woimba amadzimva ngati wina akumuyeserera kumbuyo, ndipo amayamba kuphonya kayendedwe ka nyimbo. Kabokosi ngati Apollo, komwe Universal Audio idakatulutsa mu 2012, kamakonzera mawuwo mkati mwake momwemo asanafike ku kompyuta, moti woimba amadzimva nthawi yomweyo, mawu ali okoma kale. Kwa situdiyo yomwe imalandira makwaya ndi oimba olipira tsiku ndi tsiku, phindu lake ndi looneka.

Komabe mnyamata amene ntchito yake yaikulu n'kupanga mabiti pa FL Studio, n'kumajambula anzake mwa apo ndi apo, vutoli silimukhudza kwenikweni. Tizipangizo tambiri totsika mtengo tolumikizira maikolofoni ku kompyuta tili ndi batani lotumiza mawu m'makutu mwachindunji, ngakhale amafika osakonza.

Chiopsezo china n'chakuti ma plugin ogulira kabokosi amamangirizidwa ku kabokosiko. Mu 2011 TC Electronic idasiya kupititsa patsogolo PowerCore. Omwe adawononga ndalama pa makadiwo ndi ma plugin ake adatsala ndi katundu yemwe, pamene makompyuta amasintha, adayamba kukanika kugwira ntchito. Ku London munthu angathe kugulitsa chakale n'kugula china. Ku Mchinji kapena ku Balaka, kabokosi kakapsa chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, wokakonza sapezeka pafupi, ndipo nyimbo zonse zomwe zidakonzedwa ndi ma plugin ake sizimvekanso momwe zidalili mpaka kena kapezeke.

Apa ndi pomwe nkhani ya ndalama zakunja imalowa. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chipangizo chilichonse choitanitsa kunja chidakwera nawo. Ndalama yomwe ingagule kabokosi kamodzi kotere ikhoza kugula maikolofoni yabwino, batire ndi inivetala yoteteza ntchito magetsi akathima, n'kutsalako yotchingira makoma kuti phokoso la chigayo cha pafupi lisalowe mu nyimbo.