ZA GULE WA KU VIENNA, NDI MLANDU UMENE UNABUKA NAYE PA MUDZI



Mwezi uno ndinati ndikulembereni za mtulo wa masika, koma yandigwera nkhani yina imene siiyenera kudikira. Eni ace andilola kuifotokoza, malinga ndisachule maina ao kapena mudzi wao. Ndipo ndiiika pano cifukwa ana athu ambiri ali ku maiko akutali, ndipo akuru anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Tsiku lina Lolemba, nditatsiriza kuphunzitsa ana a Ukaristia woyamba, anafika kwa ine mai wina wamasiye, nkhope iri yakugwa. Mwana wace wamwamuna anapita kukaphunzira ku Vienna, mzinda waukuru wa dziko la Austria. Ndipo asanacoke anatomera namwali wa m'mudzi woyandikana, ankhoswe a mbali zonse ziwiri napangana kuti ukwati udzadalitsidwa iye akabwera. Tsono mnyamatayo anatumiza pa lamya cithunzi coyenda kwa msuwani wace, msuwaniyo naonetsa mnzace, mnzaceyo naonetsa wina, ndipo dzuwa lisanalowe cithunzi cinali m'manja mwa atsibweni a namwali. M'cithunzimo mnyamata anali atagwira mkazi wacizungu, dzanja lina kumsana, dzanja lina m'dzanja, alikuzungulira naye m'nyumba yaikuru ya magalasi, osaopa maso a anthu. "Aphunzitsi," anatero maiyo, "akucikazi akuti abweza cikole. Kodi mwana wanga watayika?"

Usiku womwewo ndinalankhula ndi mnyamata mwini pa lamya, pakuti nkosayenera kuweruza munthu osayamba wamumva. Iye anati sukulu yina ya magule inalengeza maphunziro a masiku awiri, Loweruka ndi Lamulungu, kwa anthu osadziwa konse kubvina; anzace onse analembetsa, popeza phwando la sukulu yao linayandikira, ndipo kumeneko munthu wosadziwa gule aima ku khoma usiku wonse ngati mlonda. Za mkazi wa m'cithunzi uja anati ngakhale dzina lace salikumbuka, cifukwa tsiku lomwelo anabvina ndi akazi oposa khumi, ena a msinkhu wa amai ace. Pakuti mphunzitsi aomba m'manja pakapita mphindi zowerengeka, ndipo yense asiya mnzace napita kwa wotsatira.

Gule ameneyu achedwa waltz, ndipo dzinalo licokera ku mau a Cijeremani onena za kuzungulira. Sanayambire m'nyumba za mafumu iai. Anayamba ndi alimi a m'midzi ya Austria ndi Bavaria, amene anali ndi gule wao wochedwa Ländler, wopondaponda pansi ndi kuomba m'manja. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 guleyo analowa m'mizinda, napeza pansi posalala, naleka kuponda, nayamba kutsetsereka ndi kufulumira. Kufikira pamenepo anthu omveka a ku Ulaya ankabvina atatalikirana, kugwirana nsonga za zala zokha. Cifukwa cace musayese kuti ndife tokha tadzidzimuka poona mwamuna ndi mkazi atagwirana cotero. Azungu eni ace anadzidzimuka poyamba. M'caka ca 1816, guleyu atabvinidwa pa phwando la ku nyumba yacifumu ku London, nyuzipepala yochedwa The Times inacenjeza atate onse kuti asalole ana ao akazi kumyandikira.

Koma ku Vienna kunalibe womletsa. M'zaka za 1814 ndi 1815, pamene mafumu ndi nduna za ku Ulaya anasonkhana kumeneko kukonza malire a maiko nkhondo za Napoleon zitatha, maphwando anacuruka kotero kuti anthu anaseka kuti msonkhano ulikubvina m'malo moyenda. Pambuyo pace anauka opeka nyimbo, Joseph Lanner ndi Johann Strauss, ndi mwana wa Strauss wa dzina lomwelo, amene anabadwa mu 1825 namwalira mu 1899. Iyeyu ndiye anapeka nyimbo ya mtsinje wa Danube imene yamveka pa dziko lonse. Masiku ano mzindawo ucita maphwando a gule oposa 400 pa caka, ambiri mwa iwo mu Januwale ndi Febuluwale. Madokotala ali ndi lao, ophika makeke lao, eni nyumba zogulitsa khofi lao, osaka nyama lao. Pali sukulu ya magule yochedwa Elmayer, imene inatsegulidwa mu 1919, kumene acinyamata aphunzira mapazi pamodzi ndi ulemu: kuwerama, kupempha, kuthokoza.

Cinthu cimodzi cinandikondweretsa. Austria ndi dziko la Akatolika kuyambira kale, ndipo makolo ao anamangirira gule ku kalendala ya Eklezia. Pa 25 Novembala, tsiku la Katarina Woyera, anthu a m'midzi ankabvina komariza, zoimbira nizisungidwa nyengo yonse ya Adventi. Ndipo maphwando a m'nyengo yozizira ankatha Laciwiri usiku, kuti m'mawa mwace anthu akalandire phulusa pamphumi. Phwando lalikuru koposa onse, la m'nyumba ya Opera, licitikabe Lacinai lotsiriza Lacitatu la Phulusa lisanafike. Ambiri lero sasunganso malire amenewa, koma amene anawaika anadziwa kuti cimwemwe cisowa mpanda monga dimba.

Ndinamuuza mnyamata kuti andifotokozere zonse zimene anacita masiku awiriwo, osasiya kanthu. Loweruka m'mawa amuna anaima mzere wao, akazi mzere wao, naphunzira kuyenda powerenga katatu: phazi loyamba lalitali ndi lolemera, laciwiri lopita pambali, lacitatu lobweza mapazi pamodzi. Masana anaphunzira kagwiridwe. Dzanja lamanja la mwamuna likhala pa fupa la phewa la mkazi kumbuyo, osatsika. Dzanja lace lamanzere ligwira dzanja lamanja la mkazi m'mwamba. Ndipo sapenyana m'maso, koma yense ayang'ana kumanzere kwace. Mapazi asanu ndi limodzi akwaniritsa kuzungulira kumodzi. Onse m'nyumbamo ayenda njira imodzi, mosemphana ndi mayendedwe a mivi ya koloko, kuti asagundane. Waltz wa ku Vienna ali ndi liwiro loopsa, mapazi ngati 180 pa mphindi imodzi, ndiko kuti atatu pa kamphindi. Wa ku England ayenda pang'onopang'ono, ngati theka la liwirolo. Mnyamata anati cizungulire cinamgwira kawiri, nakhala pansi. Lamulungu anaphunzira kuzungulira ca kumanzere, kumene kuli kobvuta koposa popeza phazi lina lipingasa linzace, ndiponso kaperekezedwe ka mkazi kubwerera ku mpando wace.

"Aphunzitsi," anatero, "mutu wanga wonse unali pa kuwerenga. Ndikadaganiza zina ndikadamponda munthu." Ndinamkhulupirira. Koma ndinamuyankha kuti tsiku lidzafika limene mapazi adzawerenga okha, mutu nudzakhala wopanda nchito. Ndipo pamenepo padzakhala usiku, ndi vinyo, ndi nyimbo zokoma, ndi kwao kutali. Za Loweruka lija sindida nazo nkhawa, koma za tsiku limenelo.

Nanga Eklezia atani? Sanaike lamulo lakuti kubvina konse ndi chimo. Davide anabvina patsogolo pa Likasa. Ndipo m'fanizo la mwana wolowerera, Ambuye eni ace anaika nyimbo ndi magule m'nyumba ya atate tsiku limene mwana anabwerera. Komanso gule wa mwana wa Herodiasi ndiye anadulitsa mutu wa Yohane Mbatizi. Cifukwa cace oyera mtima sanalankhule mofanana. Jean-Marie Vianney Woyera, amene anafika ku kamudzi ka Ars m'dziko la France mu 1818, analimbana ndi magule zaka zambiri, pakuti kumeneko ankacitika Lamulungu, pafupi ndi nyumba za mowa. Ndipo m'chalichi mwace analembetsa mau okumbutsa anthu za mutu wa Yohane uja. Koma Francis de Sales Woyera, episkopi wa ku Geneva, m'buku lace la mu 1609 limene analembera akristu eni mabanja, anaphunzitsa kuti gule pa yekha sali wabwino kapena woipa, koma kacitidwe kace ndiko kamapendekera ku zoipa. Namfanizira ndi bowa, amene munthu ayenera kudya pang'ono, mwa kamodzikamodzi, ndiponso wophikidwa bwino. Tiri ku seminale tinaseka powerenga zimenezi, tinati episkopiyo sanalawe utale wotendera. Koma nditakula ndaona kuti fanizolo nlathu kuposa la Azungu. Pakuti ndani mwa inu amai sadziwa kuti ndelema ali ndi mnzace wofanana naye amene anatha mabanja, ndi kuti mwana satumidwa yekha kukazula bowa m'thengo la cilendo?

Pamenepo ndinamfunsa funso limene ndinalisunga: "Nanga Misa unamvera kuti Lamulungu limenelo?" Lamya inakhala cete, kotero kuti ndinayesa yaduka. Pomariza anabvomera kuti sanapite; maphunziro anayamba m'mawa, ndipo madzulo mapazi anali ndi matuza. Apa ndiye ndinamdzudzula kolimba. Malamulo a Eklezia a mu 1983 alola kuti munthu akwaniritse udindo wa Lamulungu pa Misa ya Loweruka madzulo. Mzindawo ngwodzala ndi machalichi, ndipo m'chalichi lalikuru la Stefano Woyera, pakati peni peni pa mzinda, Misa zicitika kuyambira m'mawa kufikira usiku. Amai ace ayenda maora awiri pa msinkhu wao, mvula kapena dzuwa. Ndinamuuza kuti cimene akucikazi anakwiya naco ndi cina, ndipo cimene ayenera kukaulula kwa bambo wansembe ndi cina.

Loweruka lotsatira tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwao kwa namwali, lamya iri pa mphasa pakati pathu kuti mnyamata amve zonse. Ndinafotokoza zimene ndalemba pamwambapa. Atsibweni a namwali anamvetsera kufikira nditatha, nati: "Aphunzitsi, tamva. Koma kwathu kuno amuna abvina mganda paokha, akazi cimtali paokha, ndipo mkazi amene sali wako sumgwira kumsana, ungakhale uwerenge kufikira zana." Sindinawatsutse, ndipo sindikhumba kuona gule wa ku Vienna pa bwalo la chalichi cathu, mwambo wathu pa cimeneci ngwabwino, ndipo utisungira mtendere. Ndinangopempha kuti asaweruze cocitika ku Vienna ngati cacitika kuseri kwa nkhokwe yao.

Namwali mwini sananene kanthu nthawi yonseyi. Pomariza ananong'oneza azakhali ace, azakhaliwo nayandikira lamya nati: "Mwana akufunsa: mukadaona inu cithunzi cace atagwidwa cotero ndi mwamuna wina, osakuuzani kale, ndipo mudzi wonse utaciona inu musanacione, mukadatani?" Ine ndi mabuku anga onse sindinaganize kufunsa comweco. Mnyamata anayamba kunena za mwambo wa kumeneko, naleka pakati, napepesa. Ndipo mau ace ananjenjemera.

Tsono agogo a namwali, nkhalamba imene inagwira nchito ku Bulawayo pa unyamata wace, ndipo tonse tinayesa irikugona, anadzuka ndi ndodo yao, natambasula dzanja lamanzere m'mwamba, nazungulira kamodzi pa fumbi mapazi ali m'malo mwace. Ana anaseka mpaka kugwa. Koma iwo atakhala pansi anati: "Dansi ameneyu tinambvina ife ndi galamafoni, amako asanabadwe. Ine ndinabwera ndi kukwatira agogo ako m'chalichi. Tinapita anai a m'mudzi muno. Awiri sanabwere, ndipo sanafe iai." Panalibe wosekanso.

Anagwirizana motere: cikole sicibwezedwa, mnyamata akalape, ndipo alembe kalata yopepesa kwa atsibweni ndi dzanja lace, ku phwando la sukulu yace apite kamodzi kokha, osamwa, ndipo namwali ayambe wabvomera yekha. Namwali anati adzayankha pakatha sabata. Mai wamasiye uja anapereka tambala wace mmodzi yekhayo kwa akucikazi. Ndinafuna kuletsa, popeza wolakwa sanali iye, koma ankhoswe anati ndisalowerere za mwambo, ndipo ndinakhala cete. Mnyamata walonjeza kubweza mtengo wa tambalayo pa ndalama zace za cakudya.

Yankho la namwali lafika dzulo: wabvomera, koma akuti cithunzi ca phwandolo cifike kwa iye poyamba, msuwani asanacione. Za mtulo wa masika ndidzalemba mwezi wa mawa, Mulungu akalola.

Ndine wanu mwa Kristu,
Mphunzitsi.