ZA MAKINA: KUPIMA MPHAMVU YA INJINI YA NDEGE

Anthu a m'dziko la Mfumu Yaikulu Mburuma m'boma la Luangwa, kumene kale kunali kuchedwa Feira, ali pafupi ndi nkhalango ya Lower Zambezi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1983. Alendo ambiri amafika m'nkhalangoyi pa ndege zazing'ono zimene zimatera pa bwalo la Jeki, ndipo ndege zina zimauluka polondera nyama.

Zambiri mwa ndegezi ziri ndi injini imodzi yokha. Galimoto ikafa pa mseu wocokera ku mlatho wa Luangwa, woyendetsa amaikankhira pambali nadikira thandizo, koma mumlengalenga mulibe poimika ndege. Cifukwa cace amakanika amapima injini zimenezi ndege ikali pansi, kawirikawiri ikauluka maola 100 ndiponso pa kuyendera kwa caka ndi caka.

Mphamvu ya injini imacokera m'masilinda. Ndege ya Cessna 172 ya masiku ano iri ndi masilinda 4, pamene Cessna 206 iri ndi 6. M'silinda iriyonse pisitoni imapanikiza mpweya wosakaniza ndi petulo, kenaka pulagi imayatsa moto. Ngati mpweyawo uthawa usanapse, mphamvu imacepa, monga momwe pampu ya njinga yotha cikumba imalepherera kukhwimitsa tayala.

Popima, makanika amayamba waliza injini kuti itenthe, naizimitsa, natsimikiza kuti magineto ndi ozima. Amacotsa pulagi imodzi pa silinda iriyonse, popeza iriyonse iri ndi mapulagi awiri, nazungulitsa pulopela kufikira pisitoni itafika pamwamba penipeni, mavalavu onse ali otseka. Tsono amalowetsa mpweya wa mapaundi 80 pa sikweya inchi kupyolera m'cipangizo ca mageji awiri. Geji yoyamba imaonetsa mpweya wolowa, yaciwiri imaonetsa umene silinda yasunga. Silinda ikasunga mapaundi 74, amalemba 74/80.

Nchito imeneyi ifuna anthu awiri. Mpweya wa mapaundi 80 ukhoza kutembenuza pulopela mwadzidzidzi ndi kuthyola mkono wa munthu, kotero mmodzi amaigwira zolimba, ataima pambali, pamene mnzace akuwerenga mageji.

Geji imanena kuti mpweya ukuthawa, koma khutu ndilo limanena kumene ukuthawira. Ukamveka ku mpope wa utsi, colakwa ciri pa valavu yotulutsa utsi. Ukamveka kolowera mpweya, ndiye kuti valavu yolowetsa siikutseka bwino. Ukamveka pothirira oilo, maring'i a pisitoni ndiwo atha kapena amata. Valavu yotulutsa utsi ndiyo imaopsa kwambiri, pakuti ikayamba kupsa imatha kuthyoka ndege iri m'mwamba.

Lamulo lakale limanena kuti silinda yotaya mpweya wopitirira gawo limodzi mwa magawo 4, ndiko kuti yotsika pansi pa 60/80, iyenera kukayikiridwa. Koma nambala imodzi siikwanira kuweruzira mlandu. Kacidutswa ka mwaye kokakamira pansi pa valavu kakhoza kutsitsa geji lero, mawa kulibe. Motero makanika wanzeru amalizanso injini napimanso asanamasule ciriconse, popeza kucotsa silinda yabwino nkutaya ndalama, ndipo kuibwezera molakwa kumabweretsa ngozi yatsopano. Mu 2003 kampani ya Continental, imene imapanga injini za ndege ku America, inalangiza kuti amakanika aziyang'ananso m'kati mwa silinda ndi kagalasi kolowetsa pa bowo la pulagi, kochedwa borescope.

M'cigwa ca Luangwa ndi Zambezi nkhaniyi ndi yaikulu. M'mwezi wa October kutentha kumafika madigiri 40, ndipo mpweya wotentha ndi wopepuka, kotero ndege imafuna mtunda wautali kuti inyamuke. Fumbi la m'cilimwe likalowa m'injini limapala maring'i ndi makoma a silinda monga mcenga. Injini imene ikudwala kale siiyenera kupatsidwa nchito yotere.

Cotero nambala za silinda iriyonse zimalembedwa m'buku la injini. Silinda yokhala pa 70 zaka zingapo iri bwino kuposa imene yatsika kucoka pa 78 kufika pa 66 m'miyezi yocepa. Eni mabwato a injini pa Zambezi ndi eni zigayo za dizilo m'midzi ya kwa Mburuma akhoza kutolapo nzeru, ngakhale kuti zipangizo zao zopimira nzosiyana: kupima pa nthawi yace ndi kusunga zolemba kumaulula matenda a injini isanaime pakati pa mtsinje.