PAKHONDE LA MAKANIKO: Land Rover ikakana kulira, musathamangire kusitolo



Miyezi ya Juni ndi Julaye ikafika kumapiri kuno, ku Ulongwe, ku Domwe ndi ku Tsangano, galimoto zokalamba zimachita mwano m'mawa. Matumba a mbatatesi apakiridwa kale ndipo ogula akudikira ku Lizulu kapena ku Tete. Mwina pali mayi wapakati woti athamangire naye kuchipatala. Koma injini ingokhosomola kamodzi, kenaka zii. Zikatero ambiri amalakwa pawiri. Amapotokola kiyi mpaka batire kutheratu, kenaka amatuma mwana kukagula koyilo kapena mapulagi atsopano, pamene vuto linali waya umodzi wogwedera. Ndalama ya mbatatesi yatha, galimoto ili pompo.

Lero titengere chitsanzo Land Rover ya petulo, ija ya injini ya masilinda anayi ya 2286 cc. Injiniyi inayamba kupangidwa mu 1958, ndipo Series III, yomwe inali yotsiriza pa mtundu wakalewo, inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Ndiye kuti yaing'ono pa zonse yakwanitsa kale zaka 40. Ubwino wake ndi woti mulibe kompyuta. Kuti ilire imangofuna zinthu zinayi: mphamvu yoizunguza, moto wa pamapulagi, petulo wosakanizika ndi mpweya, ndi mphamvu yopanikiza m'masilinda. Fufuzani zinayizi motsatana, osadumpha. Zambiri mwa izi zithandizanso amene ali ndi Peugeot 404 kapena Datsun yakale ya kabureta.

Choyamba, mvetserani. Kodi injini ikuzungulira kapena ayi? Yatsani magetsi akutsogolo, wina aime patsogolo, inu mupotokole kiyi. Magetsi akachita mdima kapena kuzimiratu, batire yafooka kapena mitu yake sikugwira bwino. Akakhalabe owala koma mukungomva kuti "tha", vuto lili ku sitata kapena kumawaya ake. Musanaiimbe mlandu batire, masulani mitu yake. Zoyera zija zimaundana pamenepo zimatsekereza moto. Tsukani ndi madzi otentha othira soda, yemwe uja amayi amaphikira therere, palani mpaka chitsulo chiwale, mumange zolimba. Onaninso waya wamkulu wochoka pa batire kupita pa chitsulo cha galimoto, pakuti dzimbiri limakonda kubisala pomwe wamangidwira. Amene ali ndi kachipangizo koyezera adziwe kuti batire yodzaza imasonyeza mavoti 12.6, ndipo ikatsika kufika 12.2 ndiye kuti yatsala ndi pafupifupi theka.

Chenjezo kwa obwereka moto pa galimoto ina: Land Rover zopangidwa 1967 isanafike zinkachoka ku fakitale mutu wa + utamangidwa ku chitsulo cha galimoto. Zambiri zinasinthidwa, koma yang'anani kaye musanalumikize, ndipo + ipite kwa + inzake. Musayandikize fodya kapena koloboyi pa batire, chifukwa mpweya wotuluka mmenemo umaphulika.

Ngati injini ikuzungulira bwino koma osalira, lekani kuikakamiza. Masekondi khumi akwana, kenaka ipumitseni. Tsopano funani moto. Zulani waya wapakati pa chivundikiro cha disitibyuta, uja wochokera ku koyilo, imene anzathu a ku Tete amati bobina. Mugwireni ndi pulayazi yokutidwa mphira kapena kamtengo kouma, nsonga yake italikirane ndi chitsulo cha injini mamilimita asanu, kutali ndi kabureta. Wina alize. Moto wabuluu wothetheka kuti "tcha, tcha" ndiye wabwino. Moto wofiirira wofooka, kapena kusowa kwa moto, ukutilozera ku mapoyinti, amene ena amawatchula kuti platinado.

Tsegulani chivundikirocho. Kuno kwathu nkhungu ndi mame zimalowa mkati usiku, ndipo timadontho tochepa timabera moto njira. Pukutani ndi nsalu youma, muone ngati chivundikiro chili ndi mng'alu. Kenaka yang'anani mapoyinti. Akapsa kapena kuda, palani pang'ono ndi sandipepa wosalala ndi kupukuta. Akatseguka kotheratu, mpata wake uzikhala pakati pa 0.35 ndi 0.40 mm. Kapulasitiki kamene kamawatsegula kamaperepeseka ndi zaka, mpata n'kumachepa mpaka moto kusowa. Ngati mulibe choyezera mpata, kapepala kolimba ka paketi ya ndudu kangakufikitseni kwa makaniko, koma si muyeso wokhalitsa. Mapoyinti akamapsa msanga ngakhale ali atsopano, kayikirani kondensa. Kumbukiraninso kuti kusiya kiyi ali woyatsa injini isakulira, monga amachitira ena pomvera mpira pa wailesi, kumaotcha mapoyinti ndi koyilo yomwe.

Moto ukapezeka, masulani pulagi imodzi, vela ija, chifukwa pulagi sinama. Ikatuluka youma mutaliza kangapo, petulo sakufika. Ikatuluka yonyowa ndi kununkha petulo, injini yamwa mopitirira. Ikakhala ndi mwaye wakuda, petulo akuchuluka kuposa mpweya. Ikakhala ndi oyilo, injini yayamba kutha mkati. Mpata wa pulagi ukhale 0.75 mpaka 0.80 mm. Musazule mawaya onse anayi nthawi imodzi. Moto umayenda motere: 1, 3, 4, 2, ndipo mukasokoneza mawaya awiri okha injini idzangowomba ngati mfuti.

Injini yomwa mopitirira imachira mosavuta. Bwezerani choki mkati, pondani moto mpaka pansi, mwendo ukhale pomwepo osapopa, ndipo lizani. Kupopapopa kumangothira petulo wina pa mapulagi onyowa kale. Choki ndi cha injini yozizira basi.

Petulo akapanda kufika, yambani ndi funso lochititsa manyazi: kodi m'thanki alimo? Geji ya galimoto ya zaka 40 si mboni yodalirika, pisani kamtengo koyera. Kenaka pitani pa pampu ya petulo pambali pa injini. Pansi pake pali kagalasi konga kambale. Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho akakhalamo mudzawaona atakhazikika pansi pamodzi ndi zinyalala. Masulani, tsukani, mubwezere bwino ndi mphira wake kuti mpweya usalowe. Pampu yomweyo ili ndi kamkono kopopera ndi dzanja. Masulani paipi yolowa mu kabureta, muiloze m'botolo, mupope. Kamkono kakamangoyenda kopanda mphamvu, zunguzani injini pang'ono muyesenso. Petulo azituluka mwamphamvu. Akamangodontha, paipi yatsekeka kapena mphira wa mkati mwa pampu wang'ambika. Mphirawo ukang'ambika petulo amatha kutsikira mu oyilo, ndiye nunkhizani ndodo yoyezera oyilo. Ikanunkha petulo, musayende musanakonze pampu ndi kusintha oyiloyo.

Ife a m'malire tili ndi vuto lathulathu. Petulo wa m'mabotolo ndi m'zigubu za m'mbali mwa msewu nthawi zina amabwera ndi madzi ndi fumbi. Komanso ku Malawi anayamba mu 1982 kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa. Petuloyo alibe chifukwa pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku, koma ethanol amakoka chinyezi ndipo amafooketsa mapaipi akale a mphira. Galimoto ikakhala miyezi ingapo osayenda, monga nthawi ya dzinja milatho itaduka, petulo wotsalira mu kabureta amauma n'kusiya zomata zotseka timabowo. Sefani petulo wa m'chigubu pa nsalu yoyera. Musamukoke ndi pakamwa, pakuti akalowa m'mapapo amadwalitsa koopsa. Musathirenso petulo pakamwa pa kabureta wina akuliza. Injini ikabweza moto, nkhope ndi galimoto zimapsera limodzi.

Chotsiriza ndi mphamvu yopanikiza. Apa chitsulo chopukusira injini kutsogolo, manivela ija, chimathandiza. Kiyi ali wozimitsa ndipo giya ili pa fulii, pukusani pang'onopang'ono. Pa maulendo awiri ozungulira muyenera kumva kulimba kanayi kofanana. Pena pakangodutsa pofewa, mavavu sakutseka bwino kapena maring'i atha. Mpata wa mavavu pa injiniyi ndi 0.25 mm. Mukaukonza koma osasintha kanthu, imeneyo ndi ntchito ya makaniko wodziwa, ndipo batire yatsopano singathandize.

Manivela yomweyo imaliza galimoto batire ikafooka, koma yathyola mikono ya anthu. Chala chachikulu chikhale mbali imodzi ndi zala zinzake, osazunguliza chitsulo, ndipo muzikoka chokweza, osakankha chotsitsa. Mukasankha kukankha, ikani giya yachiwiri, pondani kilatchi, muisiye galimoto itathamanga pang'ono. Ana asakhale kutsogolo kapena pakati pa galimoto ndi mtengo. Kumapiri kuno dziwani kaye kuti mabuleki akugwira musanaitsitse pa mtsetse.

Kufufuza konseku sikutha ola limodzi, ndipo zida zake ndi sipanala ya mapulagi, sikuludiraiva, pulayazi, sandipepa ndi nsalu youma. Zisungeni pansi pa mpando pamodzi ndi mapoyinti ndi kondensa zapadera, chifukwa ndi tizitsulo tating'ono totsika mtengo koma sitipezeka pagolosale ya kumudzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukafika kwa makaniko n'kunena kuti "moto ulipo, petulo sakufika pa kabureta," mwamuchepetsera ntchito, ndipo sangakugulitseni chitsulo chimene simukuchifuna.

Zonsezi ndi za injini ya petulo. Ya dizilo ilibe mapoyinti kapena koyilo, ndipo matenda ake ndi ena. Sabata yamawa tidzakamba za iyo, makamaka za mpweya wolowa m'mapaipi ndi chizolowezi choopsa chosonkha moto pansi pa injini m'mawa. Mpaka pamenepo, yendani bwino pamsewu.