Filimu ya zakuda ndi zoyera: tigule kuti, tikhulupirire yani?

Sabata ino tikambirane za katundu amene anasowa kalekale m'masitolo mwathu, koma alipo anthu amene akumufunabe: filimu yojambulira zithunzi zakuda ndi zoyera. Aphunzitsi anzanga awiri, wina wa ku Thyolo wina wa ku Ntcheu, atamva kuti kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu pathu imajambula ndi kamera yakale, andifunsa mafunso ofanana. Filimuyo mumaigula kuti? Nanga mumadziwa bwanji kuti munthu wakunja amene simunamuonepo sakudyerani ndalama? Ndiyankhira pano chifukwa funso lachiwirilo likukhudza aliyense amene amaitanitsa katundu kunja, kaya ndi foni, kaya ndi galimoto.

Ena mufunsa kuti tikudzivutitsiranji pamene foni iliyonse ili ndi kamera. Ife a m'chigwa cha Shire tili ndi yankho. Madzi osefukira a mu 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anatitengera nyumba, ziweto ndi abale, ndipo pamodzi ndi izi panapitanso mafoni okhala ndi zithunzi za maukwati, za ana ndi za makolo amene anatisiya. Negetivi ya zakuda ndi zoyera ndi yolimba mtima. Chithunzi chake chimapangidwa ndi timadontho ta siliva, choncho ikatsukidwa bwino imakhala zaka zoposa 100, ndipo ikanyowa mutha kuitsuka msanga ndi madzi oyera n'kuiyanika. Siifuna magetsi kuti muione. Chachiwiri, kwa mphunzitsi wa sayansi filimu ndi labotale yathunthu. Mwana amaona ndi maso ake mmene kuwala kumadutsira pa kabowo, ndi mmene mankhwala amatulutsira chithunzi papepala loyera. Chachitatu, mpukutu umodzi umatenga zithunzi 24 kapena 36 basi, ndiye mwana amaphunzira kuyang'anitsitsa asanadine.

Chimene tikujambula ndi dambo lathu la Elephant Marsh, lomwe lili pakati pa Chikwawa ndi Nsanje. David Livingstone atadutsa pano mu 1859 analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800 nthawi imodzi. Lero njovu palibe, latsala ndi dzina lokha. Paulendo womwewo panali dokotala John Kirk amene ankajambula pogwiritsa ntchito mapepala opaka phula ndi mankhwala ochokera kwawo, ndipo zina mwa zithunzi zake zikusungidwabe ku Scotland. Mu 2017 dambo lathuli linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, kutsatira nyanja ya Chilwa. Koma likusintha tikuona. Namasupuni akutseka njira za mabwato, madimba akulowa m'kati, mchenga ukukwirira maiwe. Asodzi a mlamba ndi mphende, amayi okumba nyika, mvuu ndi akakowa, zonsezi zidzukulu zathu zidzafuna kuziona monga zinalili.

Tsono filimuyi amapanga ndani? Makampani otsala ndi ochepa ndipo onse ali kutali. Ilford ya ku Mobberley, m'dziko la England, inatsala pang'ono kutsekedwa mu 2004, koma akuluakulu ake anaigula mu 2005 n'kuitcha Harman Technology. Iwo amapanga HP5 Plus, FP4 Plus ndi ina yotsikirapo mtengo yotchedwa Kentmere. Kodak ya ku America, yomwe inagwa mphwayi pa chuma mu 2012, ikupangabe Tri-X ndi T-Max. Ku Czech Republic kuli Foma, eni ake a Fomapan, yomwe ophunzira ambiri amaikonda chifukwa cha mtengo. Fujifilm ya ku Japan inasiya kugulitsa Acros mu 2018, anthu atadandaula inabweretsa Acros II mu 2019. Maina awa ndi ofunika kuwadziwa, chifukwa munthu akakutsatsani filimu ya dzina lachilendo, kawirikawiri imakhala ya makampani omwewa kapena yotsala m'nkhokwe zakale, yongokulungidwa mwatsopano.

Mavuto athu ndi atatu. Loyamba ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anayesapo kulipira kunja ndi khadi la kubanki akudziwa kuti tsiku lina limadutsa, tsiku lina limakana. Lachiwiri ndi njira. Phukusi likafika pamakhala msonkho wa MRA, ndipo nthawi zina mtengo wotumizira umaposa wa filimu yeniyeniyo. Lachitatu ndi kutentha. A Ilford amalangiza kusunga filimu pamalo ouma, ozizira pakati pa madigiri 10 ndi 20. Kuno ku Ngabu ndi ku Nsanje mu October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40. Filimu ikakhalitsa pamalo otentha imachita chifunga, zithunzi zimatuluka zotuwa ngati zajambulidwa mu utsi.

Apa ndi pamene nkhani ya kukhulupirira imalowera. Pamsika wa Bangula kapena wa Nchalo, mukamagula nsomba mumainunkhiza, mumaitembenuza, ndipo mayi wogulitsayo mumadziwa kwawo. Akakupusitsani lero, mawa mudzi wonse wadziwa. Filimu ndi katundu woti simungamutsegule kuti mumuone, chifukwa kutsegula ndiko kumuwononga. Ubwino kapena kuipa kwake mumakudziwa mutajambula kale ndi kutsuka, mwina patapita miyezi, pamene maliro kapena chikondwerero chimene munajambulacho sichidzabwereranso. Choncho timayenera kupeza zinthu zina zolowa m'malo mwa mphuno ndi maso athu.

Choyamba, gulani kusitolo yokhala ndi khomo, osati kwa munthu wokhala ndi nambala ya foni yokha. Masitolo monga Orms ku Cape Town, B&H ku New York, Freestyle ku Los Angeles ndi Fotoimpex ku Berlin akhala akugulitsa zojambulira kwa zaka zambiri, ndipo ali ndi mbiri yoti aiteteze. A Ilford amaika pa intaneti mndandanda wa ogulitsa amene amagwira nawo ntchito m'maiko osiyanasiyana. Muyambe mwaona ngati sitolo imene mukufunayo ilimo. Sindikutsatsira malonda aliyense, ndikungoti munthu wokhala ndi chotaya amaopa kunama.

Chachiwiri, funsani tsiku lothera ntchito. Kabokosi kalikonse ka filimu kamakhala ndi mwezi ndi chaka, komanso nambala ya gulu limene inapangidwira. Wogulitsa woona sakwiya mukamupempha kuti akujambulireni kabokosiko pafupi ndi kapepala kolembedwa tsiku la lero. Pa eBay ndi pa Facebook pali ambiri ogulitsa filimu yotha nthawi, ndipo pafupifupi onse amati inkasungidwa mu furiji. Mwina ndi zoona, koma inu mungatsimikize bwanji muli ku Makhanga? Filimu ya zakuda ndi zoyera imapirira kuposa yamitundu, komabe tsabola wakale sawawa. Wa ku London akhoza kusewera nayo, chifukwa ikalephera mawa agula ina. Ife timadikira miyezi iwiri kapena itatu kuti phukusi lifike.

Chachitatu, onani njira yolipirira. Kalabu yathu italengeza pa gulu lina la ojambula kuti ikufuna filimu, munthu wina anatilembera mwaulemu kwambiri kuti ali ndi mipukutu 50 pa theka la mtengo, bola titumize ndalama pa Western Union tsiku lomwelo chifukwa ena akuifunanso. Tinamupempha chithunzi cha kabokosi, ndipo sanayankhenso. Zizindikiro zinalipo zonse: mtengo wokoma kwambiri, changu, ndi njira yolipirira yosabweza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. A Western Union eni ake amachenjeza kuti musatumize ndalama kwa munthu amene simunakumanepo naye pogula katundu pa intaneti. Pa PayPal, wogulitsa akati mulipire ngati mukutumizira mnzanu kapena m'bale, dziwani kuti akukuchotsani chitetezo chimene wogula amakhala nacho. Ndi machenjera omwe aja a mauthenga oti atitumizira ndalama molakwitsa pa Airtel Money kapena Mpamba, kungoti awa amalemba Chingerezi chabwino.

Chachinayi, yambani ndi zochepa. Itanitsani mipukutu iwiri kapena itatu, mujambule umodzi msanga, mutsuke, muone. Zikayenda bwino, ulendo wachiwiri mutha kugula mpukutu waukulu wa mamita 30.5, womwe mukaudula mumdima umatulutsa mipukutu pafupifupi 18 ya zithunzi 36. Imeneyi ndiyo njira yotsika mtengo kwa sukulu, koma si yoyambira ndi munthu wachilendo.

Chachisanu, ganizirani wonyamula. Njira imene yatithandiza ife ndi ya ku Joni. Sitolo imatumiza kwa mlamu wa mphunzitsi mnzathu ku Johannesburg, iye amaona mabokosi ndi masiku ake, n'kusunga mu furiji mpaka atapeza munthu wodziwika amene akukwera basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Timapempha kuti filimu ikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'ngolo ya katundu momwe mumatentha ngati uvuni, ndipo lisiti likhale pafupi kuti pachipata msonkho ulipiridwe mwachilungamo. Wobwera pandege asaike filimu m'chikwama chachikulu chopita pansi, ndipo pabwalo la ndege apemphe kuti aione ndi manja, chifukwa a Kodak ndi a Ilford anachenjeza kuti makina atsopano ounikira katundu a CT amaiwononga. Dziwaninso kuti mankhwala otsukira amadzimadzi ambiri saloledwa pandege. Funsani aufa monga D-76 kapena ID-11. Wina akakunong'onezani kuti akupezerani mankhwala kuchokera kuchipinda cha X-ray cha kuchipatala, mukaneni, chifukwa amenewo ndi a odwala.

Filimu ikafika, ntchito yosunga ndi yanu. Ife timaiika m'botolo lotseka bwino n'kusungitsa mu furiji ya wagolosale wina wokhala ndi sola, ndipo tikaitenga timadikira maola angapo tisanatsegule kuti isachite thukuta. Kutsuka timachita m'mamawa, madzi a mumtsuko akadali ozizira, poti nthawi zolembedwa pa mankhwala amaziwerengera pa madigiri 20.

Ndalama za kalabu yathu zimachokera ku masamba amene ana amalima kudimba la sukulu. Zikapita kwa wakuba wa pa intaneti, chimene chatayika ndi thukuta la ana a Fomu 2 ndi chikhulupiriro cha makolo awo. N'chifukwa chake chilichonse chimene tagula timachilemba m'buku, ndipo lisiti limaonetsedwa kwa ahedi ndi a komiti ya makolo. Amene akufuna kuti wakunja akhale wachilungamo ayambe waonetsa chilungamo kwa amene amusungitsa ndalama.

Pempho langa likupita kwa awiri. Amalonda a zojambulira a mu Blantyre ndi Lilongwe, yesani kusunga mipukutu yochepa mu furiji, ogula alipo. Aphunzitsi anzanga amene muli ndi makamera akale m'makabati, tiyeni tiziitanitsa pamodzi kamodzi pa teremu, kuti mtengo wotumizira tizigawana ndipo tiziuzana ogulitsa amene atichitira zabwino. Lemberani kudzera kwa mkonzi wa tsamba lino, ndidzayankha aliyense.