Musataye mikono ya Land Rover yanu chifukwa cha utoto wofiira

Mwezi wathawu ndinaima pa galaja ina mumzinda wa Blantyre n'kupeza mikono iwiri yakutsogolo ya Land Rover ili pa mulu wa zitsulo zodikira anyamata a sikelo. Ndinaitola, n'kuipukuta matope, n'kuiunika mbali zonse. Sinapindike, inalibe mng'alu, ndipo maenje olowetsamo mabushi anali abwinobwino. Mwini galimoto anali ataitanitsa ina kuchokera ku Johannesburg, yofiira psuu, yowotcherera, yonyezimira. Mlandu wa yakaleyo unali umodzi wokha: inali yakuda ndi yokalamba. Mtima unandiwawa, chifukwa bamboyo anataya chitsulo chabwino koposa zonse zimene zinali pansi pa galimoto yake, ndipo analipira ndalama zambiri kuti atero.

Mikono imeneyi amakaniko amaitchula radius arm. Land Rover zoyamba, kuchokera mu 1948 mpaka Series III, zinkayenda pa masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, amene ankanyamula katundu komanso kugwira ekiselo kuti isachoke pamalo pake. Mu 1983 kunabwera One Ten, imene pambuyo pake inatchedwa Defender, ndipo inatengera masipuling'i ozungulira a Range Rover ya mu 1970. Sipuling'i yozungulira imanyamula bwino, koma singagwire ekiselo. Ntchito imeneyo inapatsidwa kwa mikono. Kutsogolo kuli iwiri, uliwonse womangidwa pawiri ku ekiselo ndi pamodzi ku chasisi, kuphatikiza ndodo yopingasa yotchedwa Panhard imene imaletsa ekiselo kupita cham'mbali. Kumbuyo kuli mikono ina iwiri yowonda ndi chitsulo chooneka ngati chilembo A chogwira pamwamba pa ekiselo. Kapangidwe kameneka kanakhala choncho mpaka Defender yomaliza ya mtundu wakale inatuluka mu fakitale ya ku Solihull mu Januwale 2016. Zaka 33 m'matope, m'mchenga ndi m'miyala ya dziko lonse lapansi, osasintha kwenikweni. Eni Land Cruiser 80, komanso 78 ndi 79 zopangidwa kuyambira mu 1999, nkhaniyi ndi yanunso, pakuti kutsogolo kwa galimoto zanu kuli mikono yogwira ntchito chimodzimodzi.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu angachotse chinthu chotere? Yankho lake ndi limodzi pafupifupi nthawi zonse: anayamba wakweza galimoto.

Kukweza galimoto kwasanduka fasho. Munthu waona pa YouTube Defender ya ku Australia kapena ku Wales ili m'mwamba ngati nkhokwe, naye akufuna yake itero. Amagula masipuling'i aatali, galimoto n'kukwera mainchesi 2, kapena 4. Chimene ogulitsa sanena mokweza n'chakuti difu imatsala pomwe inali. Mwala umene unkagunda difu dzulo uigundanso mawa, chifukwa chimene chimakweza difu ndi kukula kwa tayala basi. Chakwera ndi thupi la galimoto, ndipo thupi likakwera, galimoto yosenza matumba a chimanga padenga imapendekeka msanga pa kona. Amene anatsikapo msewu wa Gorodi kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba akudziwa kuti pa makona aja munthu safuna galimoto yopepera ngati bango.

Tsono walira mvula walira matope. Thupi likakwera, mikono yakutsogolo imalozera pansi, ndipo imapotoza ekiselo yonse pang'ono. Tayang'anani foloko ya njinga ya kabaza: siyimirira chilili, imapendekera kumbuyo, ndipo kupendekera kumeneko n'kumene kumachititsa kuti njinga iziyenda mowongoka ngakhale wopalasa atasiya chiwongolero. Galimoto nayo ili ndi kupendekera kotereku, kumene amakaniko amati caster, ndipo pa Defender ndi pafupifupi madigiri 3. Mukakweza mainchesi 2, madigiri amenewa amatsala pang'ono kutheratu. Chiwongolero chimapepuka, sichibwerera chokha mukamaliza kukhota, ndipo pa msewu wa M1 galimoto imayamba kuyendayenda ngati mbuzi yosochera. Apa mpamene wogulitsa amabwera ndi mankhwala a matenda amene iye mwini anakugulitsani: mikono yokonza caster, ya madigiri 3 kwa wokweza mainchesi 2, ya madigiri 6 kwa wokweza mainchesi 4.

Sindikunena kuti mikono imeneyi ndi yabodza. Makampani monga Terrafirma ku Britain amaipanga, ndipo imachita zimene analemba pa bokosi. Chiwongolero chimabwereradi m'malo mwake. Koma pobweza ekiselo, mphuno ya difu imaweramira pansi, propshaft yakutsogolo n'kuyamba kugwira ntchito itapindika mopitirira muyeso. Galimoto imanjenjemera, timitanda ta propshaft timatha msanga, ndipo mumauzidwa kuti mugule propshaft ina ya mfundo ziwiri. Kenako mapaipi a mabuleki afupika. Kenako ndodo ya Panhard yakokera ekiselo mbali imodzi, ikufunika ina yosinthika kutalika. Zonsezi mukulipira m'ma rand kapena m'mapaundi, kuwonjezapo mtengo wonyamulira ndi msonkho wa pachipata, pa nthawi imene ndalama zakunja zikusowa ngakhale zogulira mankhwala. Ndipo pamapeto pake muli ndi galimoto imene sipeya yake simungaipeze ku Rumphi kapena ku Nsanje ikakuferani.

Mikono yoyambirira ija ndi chitsulo chosulidwa, chimodzi chathunthu, chopanda msoko. Yambiri ya pamsika ndi mapaipi ndi mapale owotcherera. Wowotcherera waluso amapanga chinthu cholimba, inde, koma pali inanso yotchipa yopanda dzina, yofanana maonekedwe ndi yabwinoyo, imene simungadziwe za m'kati mwake mpaka tsiku limene msoko udzang'ambike. Mphamvu yonse ya mabuleki akutsogolo imadutsa mu mikono iwiriyi. Umodzi ukathyoka muli pa liwiro, ekiselo imatembenuka, ndipo chiwongolero chili m'manja mwanucho sichikhalanso ndi mawu.

Palinso mikono ina imene m'malo mwa mabushi ili ndi mfundo zachitsulo zozungulira ngati bondo. Imalola tayala kutsika kwambiri, ndipo kwa anthu a mipikisano yokwera miyala, amene amanyamula galimoto pa ngolo n'kukaipasula madzulo, ndi yabwino. Kwathu kuno ndi kutaya ndalama chabe. Fumbi la mu Okutobala pa msewu wochokera ku Rumphi kudzera pa Thazima kukafika ku Chelinda likalowa mu mfundo yotere, limasakanikirana ndi girisi n'kukhala ngati mchenga wotsukira mapoto. Posakhalitsa pansi pa galimoto pamayamba kulira gogogo, ndipo kugunda kulikonse kwa msewu kumapita molunjika ku chasisi chimene chatha kale zaka 30 chikulimbana ndi dzimbiri.

Chimene chimatha pa mikono yakutsogolo ndi mabushi, ndipo mkangano weniweni uyenera kukhala pamenepo. Pali a labala, onga amene galimoto inabwera nawo, ndipo pali a polyurethane, opangidwa ndi makampani monga Polybush ndi SuperPro. A polyurethane ali ndi ubwino wake: ambiri amalowa popanda makina opanikizira, ndipo saola ndi oyilo, chinthu chofunika pa galimoto imene tonse tikudziwa kuti imadontha. Komabe ine ndimasankha labala yabwino. Bushi ya labala imapotoka m'kati mwake momwe, palibe chokhulana ndi chinzake, choncho fumbi lilibe polowera. Ndiponso ekiselo yakutsogolo ya Defender imadalira kufewa kwa mabushi kuti tayala limodzi likwere pamene linzake likutsika. Mukaika olimba kwambiri, mwaimanga miyendo galimoto, ndipo msana wanu udzakuuzani pa msewu wa timizere tonga malata. Mukafuna polyurethane, tengani ofewa. Pogula onetsetsaninso m'lifupi mwake, chifukwa mikono ya zaka zoyambirira ndi yopapatiza kusiyana ndi ya pambuyo pake. Ndipo muwauze amakaniko anu kuti mabauti amalize kumanga galimoto itaima pa matayala ake, osati ili lendelende pa jeke. Bushi yomangidwa ili m'mwamba imakhala yopotoka kale galimoto ikatsika, ndipo imang'ambika isanakwanitse n'chaka chomwe.

Kumbuyo kokha ndiko ndimagwirizana ndi ogulitsa. Mikono yakumbuyo ya Defender ndi mapaipi owonda, ndipo ikakhala pa mwala kapena pa chitsa imapindika. Yanga inapindikapo mbali ya kumanzere, galimoto n'kumayenda chankhanu, tayala likudyeka mbali imodzi. Pamenepo kugula yokhuthala, ya kampani yodziwika, n'kwanzeru. Ngati galimoto simunaikweze, tengani yowongoka. Yopindidwa dala kumapeto ija anaipangira galimoto zokwezedwa, kuti bushi ya ku chasisi isapanikizike.

Koma choopsa kuposa zonse sichichokera ku Johannesburg. Chimachitika pansi pa mtengo wa mango, pamene mkono wopindika umatenthedwa ndi moto wa gasi mpaka kufiira, n'kuwongoledwa ndi hamala, kapena kudulidwa n'kulumikizidwa kuti utalike. Ndaonanso mabushi osemedwa kuchokera ku tayala lakale la lole. Ndimalemekeza luso la amisiri athu, amene amadzutsa galimoto zimene kwina akanazikwirira kalekale, ndipo ndikudziwa kuti amatero chifukwa mwini galimoto wabwera ndi ndalama zoperewera. Koma chitsulo chosulidwa chikapsa ndi moto sichibwerera mphamvu yake, ngakhale chioneke chowongoka bwanji. Galimoto zimenezi zimanyamula odwala kuchokera kumidzi, alendo okaona nyama, ana asukulu, maliro. Mkono wopindika malo ake ndi pa sikelo. Wina wabwino, wochotsedwa pa galimoto yakufa, umapezeka kwa ogulitsa masipeya akale, ndipo sudula ngati wofiira uja.

Inu eni Defender, siyani galimoto pa msinkhu umene inabadwa nawo. Ngati imasenza katundu wolemera, ikani masipuling'i olimba a msinkhu womwewo. Mikono yakutsogolo isungeni, muisinthe mabushi okha, ndipo ndalama zotsalazo mugulire matayala abwino ndi mabuleki. Ndipo inu amakaniko, kasitomala akabwera ndi chithunzi cha pa foni, muuzeni zoona za propshaft ndi mapaipi a mabuleki musanamasule bauti ngakhale imodzi.